MWANA WA NG'ONA SAKULIRA DZIWE LIMODZI

Nchito ya makolo siitha mwana akalowa koleji

Caka ndi caka, zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, m'midzi ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi mumamveka nthungululu. Koma nthungululu zikaleka, makolo amakhala pansi ndi funso lolemera: mwana wapambana, tsono apite kuti, ndipo adzamlipirira ndani? Kawirikawiri zotsatirazi zimafika m'dzinja, pamene nkhokwe zapepuka, ndalama zathera ku mbeu ndi fetereza, ndipo cimanga cikali ciwisi m'munda.

Funsoli likufika pa makomo ambiri tsopano kuposa kale. Kuyambira mu January 2022 Boma linacotsa malipiro m'masukulu ace kufikira Giredi 12, kotero kuti ana amene akadalekera panjira cifukwa ca umphawi ali kufika kumapeto. Koma maphunziro a ku koleji ndi ku yunivesite si aulere iai. Banja limene lalakwitsa pa nthawi iyi likhoza kutaya ng'ombe, zokolola za zaka zitatu, ndiponso mwana amene. Banja limene layenda bwino limapeza munthu wodziimira payekha, wokhoza kusunga nyumba yace ndi kukweza abale ace.

Kale ndi lero

Kulekera mwana kuti ayambe kudziyendetsa si cinthu cacilendo pakati pa Acewa ndi Ansenga. Mnyamata akasinkhuka anali kucoka m'nyumba ya amai ace nakagona ku gowelo pamodzi ndi anzace. Mtsikana anali kugona ku kuka kwa ambuye ace, ndipo atatha msinkhu anamkungwi anali kumlangiza. Mnyamata anali kupatsidwa khasu ndi kamunda kace, ndipo zokolola za m'kamundako zinali kuonetsa ngati ali munthu wodalirika. Amalume ace, pokhala mwini mbumba, anali kumpenyetsetsa, namdzudzula pamene walakwa, namuimirira pa mlandu.

Nzeru ya akuluakulu inali yakuti sanali kumasula cingwe tsiku limodzi. Anali kucimasula pang'onopang'ono, maso ali pa mwanayo. Akaonetsa kukhulupirika pa mbuzi anali kumpatsa ng'ombe. Akasunga bwino kamunda anali kumuonjezera malo.

Ngakhale Boma linayesapo njira yace. Kuyambira m'caka ca 1975, m'nthawi ya Pulezidenti Kenneth Kaunda, onse otsiriza Form 5 anali kupita ku misasa ya Zambia National Service kukaphunzira usilikali ndi ulimi asanalowe koleji kapena nchito. Dongosolo lokakamizali linatha cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ambiri amene anapitako ndiwo agogo a ophunzira a lero.

Cimene casintha ndi mtunda. Gowelo linali kuseri kwa nyumba. Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, ili pa mseu womwewo wa Great East umene upyola pa Katete ndi pa Sinda, koma kucokera pa Katete kukafika kumeneko ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500. Wocokera ku Vubwi, kumalire a Malawi ndi Mozambique, ulendo wace ndi wotalikirapo. Maso a amalume safika kumeneko. Cotero cimene mwana wanyamula mumtima pocoka pamudzi ndico cimamsunga.

Asankha ndani?

Mkangano woyamba umabuka pa kusankha maphunziro. Makolo ambiri amafuna unamwino kapena uphunzitsi, pakuti ndizo nchito zimene amaziona ndi maso ao pa kiliniki ndi pa sukulu ya pafupi. Maganizo amenewa si oipa. Koma amene adzakhala m'kalasi zaka zitatu kapena zinai, nadzagwira nchitoyo moyo wace wonse, ndi mwanayo. Woopa magazi sangakhale namwino wabwino cifukwa cakuti atate ace analamula. Mwana wokankhidwira ku maphunziro amene sawakonda amalephera msanga, ndipo akalephera amati mlandu ndi wa amene anamsankhira.

Njira yabwino ndiyo kukhala pansi pamodzi, makolo, amalume ndi mwana, cikalata ca zotsatira cili pakati. Mwana anene cimene afuna ndi cifukwa cace. Makolo anene poyera mphamvu ya thumba lao. Kenaka afunse kwa odziwa: mphunzitsi wolangiza ana pa sukulu imene mwana anaphunzira, kaya ndi Chassa, Katete Secondary kapena sekondale ya pafupi ndi mudzi, ndiponso munthu amene akugwira kale nchito imene mwanayo aifuna. Safunsa anadya phula.

Si maphunziro onse amene ali ku Lusaka kapena ku Migodi. M'boma la Katete muli sukulu ya anamwino ndi azamba pa cipatala ca St Francis, cimene cinayamba mu 1948 ndipo cimayendetsedwa ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika mogwirizana. Mulinso Katete College of Agricultural Marketing, yophunzitsa za malonda a zokolola ndi makopaletivu, ndiponso msasa wa Chiwoko wa Zambia National Service, kumene acinyamata akhala akuphunzira nchito za manja. Ku Chipata, makilomita pafupifupi 90 kucokera pa Katete, kuli koleji ya aphunzitsi, sukulu ya nchito za manja ya Chipata Trades, ndi sukulu ya anamwino ya ku Mwami. Kumbali ya Petauke kuli Ukwimi Trades. Kuphunzira pafupi kumacepetsa ndalama za ulendo, ndipo thumba la ufa kapena la nshawa limafika kwa mwana mosabvuta.

Nchito za manja zisaonedwe ngati za olephera. Womanga nyumba, kalipentala, wokonza magetsi, wowocerera zitsulo ndi wokonza mapampu a madzi sadikira kuti Boma lilengeze malo a nchito. Pamene makalasi, nyumba za aphunzitsi ndi zipatala zing'onozing'ono zikumangidwa m'maboma atsopano a Sinda ndi Vubwi, amene anakhazikitsidwa mu 2012, manja aluso amafunika pomwepo.

Cinthu cimodzi cimene makolo sayenera kulekera mwana yekha ndico kufufuza ngati kolejiyo ndi yobvomerezeka. Mayunivesite ndi makoleji a maphunziro apamwamba amalembetsedwa ku Higher Education Authority. Masukulu a nchito za manja amalembetsedwa ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Maphunziro a unamwino amayang'aniridwa ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo mphunzitsi aliyense afunika kulembetsedwa ku Teaching Council of Zambia asanayambe nchito. Cikwangwani cokongola pa cipata si umboni. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Satifiketi yocokera ku sukulu yosabvomerezeka ndi pepala cabe, ngakhale banja litagulitsa khola lonse kuti ipezeke.

Mwana amene sanakhoze bwino phunziro limodzi kapena awiri asatayidwe. Makoleji ambiri amafuna makirediti asanu, ndipo kawirikawiri Cingelezi ndi Masamu zimakhala pakati pa amenewo. Bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia limalola munthu kulembanso maphunziro amene anamgwetsa kupyolera m'mayeso a GCE. Caka cimodzi cokonza kirediti ya Masamu ciposa zaka zitatu za kosi yopanda kolowera.

Kumene thandizo lili

Makomo akulu a thandizo la Boma ndi awiri, ndipo mabanja ambiri a kumidzi amawaphonya cifukwa ca kucedwa kumva.

Khomo loyamba ndi la ngongole za ophunzira. Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, kulowa m'malo mwa komiti yakale ya mabasare. Limathandiza ophunzira amene alandiridwa m'mayunivesite a Boma, monga Yunivesite ya Zambia, ya Copperbelt, ya Mulungushi, ya Kwame Nkrumah, ya Mukuba ndi ya Chalimbana. Ena amalipiridwa zonse, ena gawo cabe, ndipo cotsalaco cimakhala pa mapewa a banja. Pogawa malo bungweli limaganizira mwapadera atsikana, ana a m'masukulu a kumidzi ndi olemala. Ndalama za cakudya, zimene zinacotsedwa mu 2019, zinabwezedwa mu 2023.

Koma dzina lace lisaiwalike: ndi ngongole, ndipo ili ndi ciwongoladzanja. Imalembedwa pa dzina la mwana, si la atate ace. Kuyambira mu 2018 bungweli lakhala likutolera ndalama kwa amene anathandizidwa kuyambira 2004, ndipo kwa olembedwa nchito zimadulidwa ku malipiro a pamwezi. Mwana wa zaka 18 kapena 19 amene asaina pepala lotere ayenera kudziwa kuti watenga katundu wa munthu wamkulu. Kholo limene limkhazika pansi ndi kumfotokozera zimenezi lamphunzitsa phunziro loyamba la ukulu.

Khomo laciwiri ndi thumba la citukuko ca m'makonstityuwensi, lochedwa CDF. Mu 2022 Boma linakweza thumbali kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, kuphatikizapo Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Gawo lina la ndalamazi linapatulidwa kuti lilipirire ana osowa m'masekondale ogonera komweko, ndi acinyamata ophunzira nchito za manja m'masukulu obvomerezeka ndi TEVETA. Mafomu amapezeka ku khonsolo ndi ku komiti ya citukuko ya wadi, ndipo ndi komitiyo imene imayamba kuona mapempho. Nthawi yolembera imalengezedwa ndi khonsolo, ndipo mawailesi monga Mphangwe ku Katete ndi Breeze FM ku Chipata ndiwo makutu a mudzi pa zilengezo zotere.

Pa makomo onse awiri pamafunika mapepala: citupa ca NRC, cimene munthu amatenga akakwanitsa zaka 16, cikalata ca zotsatira, ndi kalata yosonyeza kuti koleji yamlandira. Mwana wamasiye angafunsidwenso umboni wa imfa ya makolo. Dzina lilembedwe cimodzimodzi pa mapepala onse, pakuti kusiyana kwa cilembo cimodzi kumacedwetsa pempho. Ndi bwino kuti mwanayo ayende yekha m'maofesi, aime yekha pa mzere, alankhule yekha ndi akalaliki. Kholo limpatse ya ulendo ndi kumfunsa madzulo mmene wayendera. Amene waphunzira kugogoda pa citseko ca khonsolo sadzaopa citseko ca mkulu wa koleji.

Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi

Bvuto lalikulu la banja la kumudzi ndi lakuti kalendala ya munda ndi kalendala ya koleji siziyendera pamodzi. Ndalama ya cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje kapena fodya imafika m'cilimwe, zokolola zikagulitsidwa. Koleji imafuna malipiro temu iliyonse, ndipo mwini nyumba ya lendi amafuna zace mwezi ndi mwezi, ngakhale mu February pamene pamudzi palibe cogulitsa.

Mabanja amene amapirira mpaka kumapeto ndi amene amapatula za mwana tsiku lomwe agulitsa. Malipiro a sukulu aikidwe mwacindunji m'akaunti ya koleji ku banki, ndipo risiti isungidwe pamodzi ndi mapepala ena ofunika. Matumba angapo a nshawa kapena soya asungidwe kuti adzagulitsidwe m'miyezi ya njala, pamene mitengo imakwera. Amai amene ali m'magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama angathe kulinganiza kuti gawo lao lidzathandize pa temu yobvuta. Ngati kugulitsa ng'ombe sikungapeweke, igulitsidwe yokalamba, osati yaikazi yobereka kapena ziwiri zolimira, pakuti zimenezo ndizo zidzalipirire caka camawa.

Cilala ca nyengo ya 2023 ndi 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 February 2024, cinaonetsa kuopsa kodalira munda umodzi. Dimba, mbuzi, nkhuku ndi nkhumba ndizo zimagwira banja pa caka cotere. Ndipo ngati zabvutadi, mwana auzidwe zoona msanga, kuti akakambirane ndi akulu a koleji za kulipira pang'onopang'ono kapena kuimitsa maphunziro mwa dongosolo, m'malo mongosowa m'kalasi.

Pa ndalama za m'thumba pafunika pangano. Makolo ndi mwana agwirizane kuti pamwezi padzabwera zakuti, pa tsiku lakuti. Mwana alembe m'kabuku mmene wazigwiritsira nchito. Zikatha mwezi usanathe cifukwa ca kusasamala, kholo lisathamangire kukongola kwa a katapira. Masiku owerengeka a nsima ya ndiwo zamasamba amaphunzitsa kuwerengera kuposa ulaliki wautali. Koma njala yeniyeni, matenda ndi kuthamangitsidwa m'nyumba ndi nkhani zina. Pamenepo banja lifulumire, pakuti mwana wosowa pogwira amagwira ciliconse.

Kutumiza ndalama pa foni kwafupikitsa mtunda, koma kwabweretsanso akuba. Uthenga wocokera ku nambala yacilendo wonena kuti mwana wadwala kapena wagwidwa, tumizani ndalama msanga, usayankhidwe ndi ndalama. Kholo liyambe laimbira mwanayo pa nambala yace, kapena mnzace wodziwika, kapena ofesi ya koleji.

Nkhani ya ndalama ikhudzanso ana otsala. Ngati cuma conse ca banja cipita kwa mmodzi, abale ace amasunga cakukhosi cimene cimadzaphulika pa maliro kapena pa kugawa cuma ca masiye. Ndi bwino kuti zonse zikambidwe poyera pamaso pa amalume ndi azakhali. Ndipo mng'ono wace asacotsedwe pa sukulu kukaweta ng'ombe za eni kwa zaka zambiri kuti mkulu wace aphunzire. Kuteroko ndi kuphunzitsa mmodzi ndi kukwirira wina.

Kutali ndi maso a makolo

Malo ogona m'makoleji ndi m'mayunivesite ambiri sakwanira. Ophunzira ena amapanikizana m'cipinda cimodzi, ena amacita lendi m'makomboni apafupi, monga Kalingalinga ku Lusaka. Kumeneko kulibe belu lodzutsa, kulibe mphunzitsi woitana maina usiku monga ku sekondale. Mwana amadziphikira, amadzicapira, amasankha yekha kupita m'kalasi kapena kugona. Cifukwa cace nchito ya makolo imayamba asanakwere basi. Mnyamata amene sanagwirepo mthiko cifukwa alongo ace analipo adzathera ndalama zace m'malesitilanti. Mtsikana amene sanasungepo ndalama ya iye yekha sadzadziwa kuigawa.

Mayesero a m'tauni ndi odziwika: mowa, camba ndi mankhwala ena oledzeretsa, ndiponso njuga ya mpira imene tsopano ili m'foni ya munthu aliyense. Njugayi imameza ndalama mwakacetecete, ndipo cizindikiro cace ndi mwana amene apempha kawirikawiri tindalama ting'onoting'ono pa zifukwa zosamveka. Kwa atsikana kuli amuna acikulire a magalimoto amene amadziwa bwino sabata imene ndalama za ophunzira zimatha. Mphatso zao zimatsatana ndi mimba, matenda opatsirana ndi kacirombo ka HIV.

Mwa mwambo, atate sakamba nkhani zotere ndi mwana wao wamkazi, ndipo amai sakamba ndi mwana wao wamwamuna. Mwambo womwewo unaika anthu oyenera: ambuye, azakhali, amalume. Amenewa apatsidwe mpata mwana asanacoke, ndipo alankhule momveka, osati mophiphiritsa. Mwana adziwe kuti kuyezetsa magazi ndi uphungu zimapezeka kwaulere m'zipatala za Boma, ndi kuti kupita kumeneko si camanyazi.

Foni ndi cingwe cabwino, koma cingwe cikakokedwa kwambiri cimaduka. Kholo loimba kasanu pa tsiku kufunsa kuti uli kuti, uli ndi yani, limaphunzitsa mwana kunama. Kholo losaimba konse, longotumiza ndalama, limamuuza kuti ali yekha. Tsiku limodzi lodziwika pa sabata, monga pa Sondo madzulo, limakwanira. Pa kuceza kumeneko nkhani isakhale ya mayeso ndi ndalama zokha. Mwana auzidwe za kumudzi: ng'ombe imene yabereka, mvula mmene yagwera, odwala ndi obadwa. Afunsidwenso maganizo ace pa zina za pakhomo. Munthu amene afunsidwa nzeru amayamba kudziona kuti ndi wamkulu.

Ngati m'tauni muli wacibale, ndi dalitso, koma pakhale kumvana. Wophunzira wosungidwa athandize nchito za pakhomo ndi kulemekeza malamulo a nyumbayo, koma asasandutsidwe wanchito wolera ana mpaka kusowa nthawi yowerenga. Ndi bwino kuti ku mudzi kuzicokera kanthu, kaya ndi ufa, nyemba kapena nkhuku, kuti katundu asalemere mbali imodzi. Mipingo yambiri ilinso ndi magulu a ophunzira m'makoleji, ndipo mwana amene walowa m'gulu lotere amapeza anzace omufunafuna akasowa.

Zikabvuta

Si onse amene amayenda ulendo wosalala. Mwana amene anali woyamba m'kalasi ku Vubwi kapena ku Nyanje akhoza kudzipeza ali pakati kapena kumbuyo pakati pa anzace ocokera m'masukulu a m'tauni, ozolowera makompyuta ndi Cingelezi ca tsiku ndi tsiku. Akalephera phunziro amaopa kunena, podziwa kuti ng'ombe inagulitsidwa cifukwa ca iye ndipo mudzi wonse unamperekeza. Ena amabisa kwa caka cathunthu, nalandirabe ndalama, mpaka bodza litakula kuposa mwini wace. Ena amadwala nayo nkhawa, naleka kudya, kugona ndi kuceza, ndipo alipo amene amafika poganiza zodzipha.

Mankhwala ace ndi pangano la paciyambi: kuti zotsatira za temu iliyonse zidzaonetsedwa kwa makolo, zabwino kapena zoipa, ndi kuti zoipa sizidzatseka khomo la nyumba. Makoleji ambiri amalola kulembanso kapena kubwereza phunziro. M'mayunivesite muli ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, ndi alangizi amene nchito yao ndi kumvetsera. Mwana amene wasintha mwadzidzidzi, wosayankha foni, wolankhula mau otaya mtima, asakalipiridwe pa foni. Wacibale apite akamuone ndi maso, ndipo ngati kufunika amperekeze ku cipatala. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Mtsikana akatenga mimba, maphunziro asathere pomwepo. Kuyambira mu 1997 dziko la Zambia lili ndi lamulo lolola atsikana kubwerera ku sukulu atabereka, ndipo mu December 2023 lamulo la ukwati linakonzedwa kuti ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo, ukhale wosabvomerezeka. Wa ku koleji kawirikawiri wapyola msinkhu umenewo, koma mzimu wa malamulowa ndi womwewo. Kumkankhira ku banja cifukwa ca manyazi ndiko kutaya zonse zimene zinalipiridwa kale. Agogo akalera khanda kwa zaka ziwiri, mai wace amatsiriza, ndipo khandalo limadzakula m'nyumba ya munthu wophunzira. Mnyamata amene wapereka mimba nayenso asabisidwe ndi abale ace. Kuyankha mlandu wace ndi mbali ya kukula.

Pobwera ku holide

Mwana akabwera kudzapuma, pakhomo pamakumana anthu awiri amene onse asintha. Iye wazolowera kudzilamulira. Makolo akumkumbukira monga anacokera. Mabvalidwe, malankhulidwe ndi nthawi yobwerera kunyumba zimabutsa mikangano.

Ulemu uyende mbali zonse ziwiri. Wophunzira akumbukire kuti dipuloma siimcotsa pa mzere wa khasu, ndi kuti ndalama imene amadya ku koleji inatuluka m'nthaka yomweyo. Apereke moni kwa akulu monga mwa mwambo, apite ku maliro, akaone a mfumu. Mwambo wa Kulamba, umene umacitika ku Mkaika cakumapeto kwa August pamaso pa Kalonga Gawa Undi, umasonkhanitsa Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique, ophunzira ndi osaphunzira pamodzi, ndipo wacinyamata amene afikako amaona kuti kuphunzira ndi kusunga mwambo sizilimbana.

Makolo naonso asamdzudzule pamaso pa ang'ono ace ngati kamwana. Ngati pali colakwa, aitanidwe pambali. Zimene waphunzira zipatsidwe malo: awerengere banja ndalama za zokolola, afotokoze malangizo olembedwa pa botolo la mankhwala a mbeu, athandize ang'ono ace Masamu. Pa nkhani ya cipembedzo, ya ndale ndi ya munthu womanga naye banja, makolo ali ndi ufulu wolangiza ndi kucenjeza, koma munthu wa zaka 18 amaponya voti yace yekha, ndipo mau okakamiza amangomthamangitsira kutali. Mau a akulu akoma akagonera, ndipo amagonera bwino mwa munthu amene sananyozedwe powalandira.

Satifiketi ili m'manja

Tsiku la cikondwerero ca kutsiriza maphunziro si tsiku la malipiro oyamba. Mu 2022 Boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 ndi anchito a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo ambiri mwa iwo anali atadikira zaka. Ofunsira anali ocuruka kuposa malo. Cotero banja likonzekere kuti mwana akhoza kubwerera kumudzi ndi pepala lace, nakhala nyengo ndithu asanaitanidwe.

Nyengo imeneyi ndiyo imayesa makolo koposa. Mau onyoza, akuti ng'ombe inapita pacabe, amaphwanya mtima wa munthu amene ali kale ndi manyazi. Komanso kumsunga ngati mlendo, wodzuka dzuwa lili pamutu ndi kudikira nsima, kumamuononga. Apatsidwe munda wace, kapena dimba, kapena khola la nkhuku, ndipo phindu lace likhale lace. Thumba la CDF lili ndi gawo lothandiza magulu ndi makopaletivu a acinyamata ndi amai, ndipo wophunzira wodziwa kulemba pempho ndi kusunga mabuku a ndalama ndi cuma ku gulu lotere. Kudzipereka pa kiliniki kapena pa sukulu ya pafupi kumasunga luso kuti lisacite dzimbiri. Mapepala ace a ku bungwe la aphunzitsi kapena la anamwino akhale okonzeka, kuti cilengezo cikamveka asayambe kuthamanga.

Nchito ikapezeka, pakhale kuleza mtima kwina. Malipiro oyamba ali ndi eni ambiri: ngongole ya maphunziro, lendi, mphasa ndi mapoto a nyumba yatsopano. Ndi coyenera kuti mwana akumbukire kwao, ndipo ambiri amatero mokondwa. Koma ngati mbumba yonse imgwera mwezi woyamba, amalowa m'ngongole za katapira zimene zimamanga anchito ambiri kwa zaka. Banja ligwirizane naye cinthu cimodzi cimene angathe, monga kulipirira mng'ono wace mmodzi kapena kugula fetereza wa caka, ndipo zotsalazo amange nazo maziko ace.

Mafumu, nduna, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a mawadi m'maboma atatuwa ali ndi mbali yao. Cilengezo ca mabasare cikafika, cimveke pa msonkhano wa mudzi, m'chalichi ndi pa citsime, kuti cisathere mwa owerengeka okhala pafupi ndi boma. Ana amasiye ndi a mabanja osowa athandizidwe kupeza mapepala ao nthawi ikalipo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Namwino amene adzalandira odwala pa St Francis kapena pa Nyanje zaka zikudzazi, ndi mphunzitsi amene adzaima m'kalasi ku Vubwi, lero ali pakhomo pa munthu wina, akudikira ya basi ndi mau abwino a kwao.